Khoti lilipo, lamulo lilipo, nanga pulezidenti amugwire ndani?

Nkhani ya Gaza ikangotuluka pa nyuzi, funso limene limazungulira m'maminibasi ndi m'magulu a WhatsApp muno mu Lusaka ndi lomwelija, ati nanga a UN akudikira chani, si kuli khoti ku Hague, mzinda wa ku Netherlands, bwanji osangotuma asilikali akamunyamule mtsogoleri wa Israel akayankhe mlandu? Wina amayankha kuti aaa khoti lija ndi la azungu logwirira anthu akuda basi, wina ati malamulo a dziko lonse kulibe, ndi nthano chabe. Onsewa pali pamene akulondola koma akuphonya chinthu chimodzi chachikulu, makhoti amenewa alibe wapolisi olo mmodzi. Jaji ku Hague akasayina walanti yomangira munthu, amene amayenera kukamugwira ndi apolisi a dziko wamba ngati lathu lino, ndipo apolisiwo amamvera boma lawo, boma nalo limayamba layang'ana kuti timagula mafuta kwa ndani, tili ndi ngongole kwa ndani, angatikwiyire ndani. Zili ngati mfumu yodziwa kuweruza koma yopanda kapaso, imagamula pabwalo kenako n'kumachonderera anthu kuti wina akamubweretse wolakwayo, pomwe wolakwayo ndi amene ali ndi chigayo m'mudzimo.

Lamulo lenilenilo si lovuta kumva ayi. Pa 9 Disembala 1948, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha kumene ndipo a Nazi atapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni, msonkhano waukulu wa UN unavomereza pangano loletsa ndi kulanga genocide, kutanthauza kupulula mtundu wa anthu, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 1951. Amene analimbikira kwambiri anali loya wachiyuda wa ku Poland, Raphael Lemkin, yemwe abale ake ambiri anaphedwa pa nthawi imeneyo. Panganolo limati mlanduwu umakhalapo pamene munthu wachita zinthu zina ndi cholinga choti mtundu, fuko, anthu a khungu lina kapena a chipembedzo china atheretu, onse kapena mbali yawo. Zinthuzo si kupha kokha, kuvulaza koopsa thupi kapena maganizo kulimo, kuika anthu dala pa moyo woti azingofa okha monga kuwamana chakudya ndi madzi kulimo, kuwaletsa kubereka kulimo, ngakhalenso kulanda ana awo n'kuwapereka ku mtundu wina. Ndime 4 inanenanso poyera kuti wolakwa alangidwe kaya ndi wolamulira dziko, kaya ndi wa m'boma, kaya ndi munthu wamba. Ndiye papepala palibe bwana. Chodabwitsa n'chakuti ife tinachedwa kwambiri kulowamo, Malawi inalowa mu 2017 ndipo Zambia inalowa mu 2022, dzulodzulo lomweli.

Pamene pamavuta ndi pa cholinga paja. Kuwerenga mitembo sikokwanira. Ukhoza kuonetsa khoti manda a anthu miyandamiyanda koma loya wa mbali inayo n'kuimirira kuti inali nkhondo iyi, timalimbana ndi zigawenga, anthu wamba anangofera pakati, ndipo ngati sutsimikiza kuti wolamulayo ankafuna kuti mtunduwo uthe, genocide simugwira, angagwidwe ndi milandu ya pankhondo kapena milandu yolakwira umunthu, yomwe nayonso ndi yoopsa koma ndi ina. Atsogoleri ochenjera salemba kalata yoti apheni onse, ndiye majaji amachita kutolera tokha, zimene zinkalankhulidwa pa wailesi, mindandanda ya maina, mmene anthu ankasankhidwira pa rodibuloko, ngati ana ndi nkhalamba ankasiyidwa kapena ayi. Kwinanso, magulu andale sanaikidwemo m'panganolo, moti boma likapha anthu chifukwa ndi a chipani chotsutsa imeneyo si genocide pa lamulo. Ku Cambodia anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anafa mu ulamuliro wa Khmer Rouge kuyambira 1975 mpaka 1979, koma pamene Nuon Chea ndi Khieu Samphan anapezeka olakwa pa genocide mu 2018, unali mlandu wa zimene zinachitikira mitundu ing'onoing'ono, anthu ochokera ku Vietnam ndi Asilamu a mtundu wa Cham, osati unyinji wa a Khmer anzawo. Pol Pot mwini wake anafa mu 1998 asanalowe khoti limenelo. M'khoti la apilo la milandu ya ku Cambodia imeneyi munali jaji wathu, mayi Florence Mumba, amenenso anakhalapo wachiwiri kwa mkulu wa khoti la milandu ya Yugoslavia, koma anthu ambiri kuno sadziwa.

Manje ku Hague kuli makhoti awiri akuluakulu ndipo anthu amawasakaniza tsiku ndi tsiku. ICJ ndi khoti la UN, lili ndi majaji 15, limaweruza dziko ndi dziko linzake, silimanga munthu ndipo lilibe ndende. ICC ndi lina, si la UN, linakhazikitsidwa ndi pangano la Rome la 1998 n'kuyamba ntchito pa 1 Julayi 2002, ili ndiye limazenga anthu paokhapaokha. Zambia ndi Malawi onse analowa mu ICC mu 2002. America, Russia, China, India ndi Israel sali mamembala. Ndipo ICC simayamba yokha kulumphira mlandu, imalowa pokhapokha makhoti a dzikolo akalephera kapena akakana kuzenga.

Kuti muone mmene unyolo wake umayendera zikayenda bwino, sitiyenera kupita kutali, nkhaniyo inadutsa pa Zambia pompano. Ku Rwanda kuyambira pa 7 Epulo 1994, m'masiku pafupifupi 100, anthu okwana 800,000 malinga ndi UN, ambiri a iwo Atutsi, anaphedwa ndi zikwanje, zibonga ndi mfuti, boma la Rwanda limati anapitirira miliyoni. Ife a mu Lusaka nkhaniyi timakhala nayo pafupi, tagulapo shuga ndi sopo m'mashopu a anthu a ku Rwanda mu Kanyama ndi mu Chawama, anthu amene ambiri anangothawa ndi moyo wawo basi. Koma pakati pa chikhamu cha othawawo munabisalanso ochepa amene ankafunidwa. Mu Okutobala 1995 apolisi a Zambia anagwira munthu wina dzina lake Jean-Paul Akayesu, amene kale anali mphunzitsi ndi woyendera masukulu, kenako n'kukhala meya wa dera la Taba. Sanali jenerale ayi, anali bwana wa boma la pansi, munthu amene anthu a m'deralo ankamutenga ngati bambo wawo. Mu 1996 Zambia inamupereka ku khoti lapadera limene UN inatsegula ku Arusha, Tanzania.

Mlandu wake unayamba mu Januwale 1997 ndipo poyamba pa milandu yake panalibe nkhani yogwirira azimayi. Mboni zachizimayi zitayamba kufotokoza zimene zinkachitika pa ofesi ya boma ya Taba pomwe anthu anathawira poganiza kuti meya awateteza, jaji Navanethem Pillay wa ku South Africa, mzimayi yekhayo pa majaji atatuwo, anapitiriza kufunsa mafunso mpaka ozenga mlandu anakawonjezera milanduyo. Pa 2 Sepitembala 1998 Akayesu anapezeka wolakwa, ndipo aka kanali koyamba m'mbiri kuti khoti la mayiko ligamule munthu pa mlandu wa genocide, komanso koyamba kunena kuti kugwirira azimayi kungakhale njira yopululira mtundu. Patangodutsa masiku awiri, Jean Kambanda amene anali nduna yaikulu ya boma la nthawi ya kuphanako, ndipo anavomera yekha mlandu, anapatsidwa chilango chokhala m'ndende moyo wake wonse. Georges Rutaganda wa gulu la Interahamwe, limene linali patsogolo pa kuphako, ndi Clément Kayishema amene ankalamulira chigawo cha Kibuye nawonso anagwidwira kuno ku Zambia. Zaka 50 pambuyo pa pangano la 1948, chigamulo choyamba chinatheka chifukwa kapokola wa pa Zambia anagwira munthu ndipo boma la Chiluba linavomera kumupereka.

Koma tinene zoona, zinali zosavuta chifukwa anthuwa anali atagwa kale, boma lawo litathawa, palibe amene akanatilanga powapereka. Khoti la Arusha lonse pa zaka zoposa 20 linatsegulira milandu anthu 93 chabe, ena ambiri, milandu pafupifupi 2 miliyoni, inakathera m'mabwalo a m'midzi a gacaca ku Rwanda komweko.

Nkhani imasintha munthuyo akakhala kuti akadali pampando. Omar al-Bashir wa ku Sudan ndiye chitsanzo chimene aliyense wofuna kumvetsa nkhaniyi ayenera kuchidziwa. Sudan si membala wa ICC, koma mu Malichi 2005 Security Council, komiti ya UN yoona za mtendere ndi chitetezo, inatumiza nkhani ya kuphedwa kwa anthu m'chigawo cha Darfur, ku Sudan komweko, ku khotilo, ndipo mu 2009 kunatuluka walanti yoyamba, mu 2010 yachiwiri yokhudza genocide pa mitundu ya Fur, Masalit ndi Zaghawa. Pa lamulo, dziko lililonse la mu ICC linayenera kumugwira akangoponda pa eyapoti. Munthu uja anayenda maulendo ambirimbiri. Mu Disembala 2010 anaitanidwa ku msonkhano wa mayiko a Great Lakes muno mu Lusaka, mabungwe anachita phokoso, ndipo sanabwere. Mu Okutobala 2011 anatera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA, boma la Bingu wa Mutharika linamulandira bwinobwino, ICC inagamula kuti Malawi yaphwanya pangano n'kukanena ku Security Council, ndipo Security Council sinachite kanthu. Chaka chotsatira Joyce Banda atalowa, pofunanso kukonza ubale ndi mayiko othandiza, anakana kuti al-Bashir abwere ku msonkhano wa African Union (AU), AU inati ngati simumulandira msonkhano sitichitira kwanu, ndipo unasamukira ku Addis Ababa. Dziko lomwelo, lamulo lomwelo, miyezi yochepa chabe pakati, chimene chinasintha ndi munthu wa ku State House.

Ya ku South Africa ndiye inali sewero lenileni. Mu Juni 2015 al-Bashir anafika ku Johannesburg ku msonkhano wa AU, bungwe la maloya la Southern Africa Litigation Centre linathamangira ku High Court ya Pretoria, jaji n'kulamula kuti munthuyu asatuluke m'dziko mpaka nkhani imvedwe. M'mawa mwake majaji ali mkati momva mlanduwo, loya wa boma akuwauza kuti monga akudziwira mlendoyo akadali m'dziko, ndege yake inali ikunyamuka pa bwalo la asilikali la Waterkloof. Pamene khoti limagamula kuti amangidwe, mkulu uja anali m'mwamba kulowera ku Khartoum. Makhoti a South Africa anadzanena kuti boma linaphwanya lamulo, ICC inanenanso chimodzimodzi mu 2017, koma palibe nduna imene inagona m'selo.

Maboma akamakana kugwira mlendo wotere si kuti amangoti sitikufuna, ali ndi chonamizira cha pa lamulo ndipo si chopusa kwenikweni. Kuyambira kale pali mwambo woti mtsogoleri wa dziko amene ali pampando samangidwa ndi dziko lina, ndipo ICJ yomwe inatsimikiza mu 2002, pa mlandu wa DR Congo ndi Belgium, kuti olo nduna ya zakunja ili ndi chitetezo chimenechi ku makhoti a mayiko ena. Pangano la Rome pa ndime 27 limati udindo suteteza munthu ku ICC, koma pa ndime 98 lomwelo limati khoti lisakakamize dziko kuphwanya chitetezo chimene lili nacho kwa dziko lina. Ndiye maloya a AU amagwira 98, a ICC amagwira 27. Mu 2019 majaji a apilo a ICC, pa nkhani ya Jordan imene nayonso inamulandira al-Bashir, anagamula kuti chitetezo cha mtsogoleri sichigwira ntchito pamaso pa khoti la mayiko, koma chigamulocho sichinasinthe khalidwe la maboma. Putin ali ndi walanti ya Malichi 2023 pa nkhani yosamutsa ana a ku Ukraine, anapita ku Mongolia mu Sepitembala 2024, dziko la mu ICC, n'kulandiridwa ndi kapeti yofiira, nanga Mongolia yopanikizika pakati pa Russia ndi China, mafuta ake ochokera ku Russia, mumati itani? Netanyahu wa ku Israel ali ndi walanti ya Novembala 2024, pamodzi ndi nduna yake yakale ya chitetezo Yoav Gallant, pa milandu ya pankhondo ndi yolakwira umunthu, osati genocide monga ambiri amanenera, ndipo mu Epulo 2025 anapita ku Hungary, nduna yaikulu ya kumeneko panthawiyo Viktor Orbán m'malo momugwira analengeza kuti dziko lake likutuluka mu ICC.

Komabe musanene kuti pepala lija ndi lachabechabe. Putin sanabwere ku msonkhano wa BRICS ku Johannesburg mu Ogasiti 2023, analankhula pa vidiyo, chifukwa boma la Ramaphosa linadziwa kuti makhoti a kwawo salola sewero la 2015 libwerezedwe. Walanti imamupanikiza munthu, ulendo uliwonse amayamba wafunsa kaye kuti kumeneko kuli majaji otani.

Pamwamba pa zonsezi pakhala veto. Mu Security Council mayiko asanu, America, Russia, China, Britain ndi France, lililonse likangokweza dzanja kukana, nkhani yafera pomwepo. Ndiye taganizani, atatu mwa asanuwa sali mu ICC koma ali ndi mphamvu yotumiza dziko lina ku ICC, monga anachitira ndi Sudan ndi Libya, ndiponso yotchinga kuti mnzawo asatumizidwe, monga Russia ndi China zinachitira pa nkhani ya Syria mu Meyi 2014. ICJ nayo ikagamula ndipo dziko likakana kumvera, malamulo a UN amati wodandaula apite ku Security Council komweko. Nicaragua inawina mlandu ndi America mu 1986, itapita kukapempha kuti chigamulo chitsatidwe, America inaika veto pa mlandu wake womwe.

Apa ndiye pamene pamachokera mawu aja oti ICC ndi khoti losaka anthu akuda, ndipo ine ndimawamva theka. Ndi zoona kuti kwa zaka zambiri onse amene ankaima m'bokosi ku Hague anali a mu Africa, kuyambira Thomas Lubanga wa ku Congo amene anali woyamba kupezeka wolakwa mu 2012. Ndi zoonanso kuti kufufuza za asilikali a Britain ku Iraq kunatsekedwa mu 2020 popanda mlandu, ndipo za asilikali a America ku Afghanistan zinaikidwa pambali mu 2021. America inafika poika zilango pa Fatou Bensouda wa ku Gambia mu 2020 ali mkulu wozenga milandu, ndipo mu 2025 inachitanso chimodzimodzi kwa Karim Khan, amene analowa m'malo mwake, ndi majaji angapo, anthu oweruza milandu kumawatsekera ma akaunti ngati ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Koma theka linalo ndi ili, milandu ya Uganda, DR Congo, Central African Republic ndi Mali anaipititsa ku Hague ndi maboma a mayikowo eni ake, pofuna kuti zigawenga zimene zimawavutitsa zigwidwe. Atsogoleri athu khotili ankalikonda likamagwira adani awo, linaipa litayamba kugogoda pa zitseko za State House, kwa al-Bashir, kwa Uhuru Kenyatta ndi William Ruto. Milandu ya ku Kenya ija inagwa, wa Kenyatta mu 2014, wa Ruto mu 2016, ozenga akudandaula kuti mboni zikuopsezedwa ndi kusintha mawu ndiponso boma silikupereka zikalata. Laurent Gbagbo wa ku Ivory Coast anakhala m'manja mwa khotilo zaka zoposa 7 n'kudzapezeka wosalakwa mu 2019. Mpaka lero ICC sinapezepo munthu olo mmodzi wolakwa pa genocide.

Ndipo AU itati tipange khoti lathulathu, pangano la Malabo la 2014, inalembamo kuti mtsogoleri amene ali pampando ndi akuluakulu a boma sangazengedwe. Mu kontinenti imene ena amakhala pampando zaka 30, 40, mukuona nokha tanthauzo lake. Kuno kwathu mu 2017 boma la Edgar Lungu linayenda m'maboma kufunsa anthu ngati Zambia ituluke mu ICC, ndipo anthu ochuluka zedi anati ayi tikhalemo. Ine ndimaona kuti anthu wamba anaona patali kuposa andale, anadziwa kuti amene amapindula dziko likatuluka si mayi wogulitsa tomato pa Soweto Market.

Mukayang'ana atsogoleri amene anamangidwadi n'kuperekedwa ku khoti, onse ali ndi chinthu chimodzi chofanana, mpando unali utawachoka. Slobodan Milošević wa ku Serbia anaperekedwa ku khoti lapadera la milandu ya Yugoslavia ku Hague mu 2001 atagwetsedwa kwawo, boma latsopano la Serbia likufuna thandizo la ndalama, ndipo anafera m'selo mu Malichi 2006 chigamulo chisanatuluke. Radovan Karadžić, mtsogoleri wa Aserbu a ku Bosnia, anabisala mpaka 2008 atasunga ndevu n'kumadzitcha sing'anga, mkulu wa asilikali ake Ratko Mladić mpaka 2011, onse anadzapatsidwa moyo wonse m'ndende pa kuphedwa kwa amuna ndi anyamata achisilamu pafupifupi 8,000 ku Srebrenica, ku Bosnia, mu Julayi 1995. Charles Taylor wa ku Liberia anakhala ku Nigeria mwaufulu mpaka 2006, kenako anagamulidwa zaka 50 mu 2012 pa nkhanza za ku Sierra Leone, ali kundende ku Britain. Rodrigo Duterte wa ku Philippines anagwidwa pa eyapoti ya Manila mu Malichi 2025 n'kukwezedwa ndege tsiku lomwelo, ndipo zinatheka chifukwa banja lake linali litayambana ndi banja la Marcos limene likulamulira.

Imene imandigwira mtima ine ndi ya Hissène Habré wa ku Chad. Analamulira kuyambira 1982 mpaka 1990, komiti ya dzikolo inati anthu pafupifupi 40,000 anaphedwa, iye n'kuthawira ku Senegal ndi chuma n'kumakhala mwamtendere mu Dakar. Amene sanagone ndi anthu amene anazunzidwa m'ndende zake, monga Souleymane Guengueng amene anayamba kulemba maina ndi maumboni a anzake mobisa, kenako mu 2001 mafayilo a apolisi achinsinsi a Habré anapezeka atangomwazika pansi m'maofesi awo akale ku N'Djamena, muli maina a omangidwa ndi akufa. Anayesa makhoti a Senegal anakanidwa, anapita ku Belgium, Belgium inatengera Senegal ku ICJ, ICJ mu 2012 inati muzengeni kapena mumupereke, ndipo mu Meyi 2016 khoti lapadera la AU ndi Senegal, majaji ake a mu Africa, linamugamula moyo wonse m'ndende. Zaka zoposa 25 chichokereni pampando. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma pa nkhani iyi sunawole chifukwa panali anthu ouyanika padzuwa chaka ndi chaka, ambiri a iwo anamwalira asanaone chigamulo, ndipo za chipepeso chimene khoti linalamula zinakhala zokokakoka kwa zaka.

Ku ICJ liwiro lake ndi lomwelo. Bosnia inasumira Serbia mu 1993, chigamulo chinabwera mu 2007, chonena kuti ku Srebrenica kunachitikadi genocide, Serbia sinapezeke kuti inachita yokha koma inalakwa posaletsa ndi posapereka Mladić. Chigamulo chimenechi n'chofunika chifukwa chinatsimikiza kuti dziko limene lili ndi mphamvu pa ophawo n'kungokhala chete nalonso lili ndi mlandu. Chinanso chabwino m'panganoli n'chakuti dziko lililonse la m'panganomo likhoza kusuma olo nkhaniyo isalikhudze, n'chifukwa chake Gambia, kadziko kakang'ono ka kumadzulo kwa Africa, inasumira Myanmar mu 2019 pa nkhani ya a Rohingya oposa 700,000 amene anathawira ku Bangladesh mu 2017. South Africa inadutsa khomo lomwelo pa 29 Disembala 2023 posumira Israel pa nkhondo ya Gaza, imene inayamba Hamas itapha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250 pa 7 Okutobala. Pa 26 Januwale 2024 khoti linapereka malamulo a pakanthawi oti Israel iletse zochita za genocide ndi kulola thandizo kulowa, mu Meyi linawonjezera za mzinda wa Rafah kumwera kwa Gaza. Ambiri anamva ngati khoti lagamula kuti Israel ndi yolakwa, ayi, amenewo anali malamulo oteteza anthu mlandu uli mkati, Israel ikukana mlanduwo ndipo imati ikudziteteza, ndipo kuti malamulo a pakanthawiwo atsatidwe zimadaliranso Security Council ija ya veto. Khomo limeneli nalonso lili ndi loko, mayiko ena polowa m'pangano analemba kuti ife ndime 9 yotitengera ku ICJ sitikuivomera, ndipo n'chifukwa chake mlandu umene Sudan inasumira United Arab Emirates unatayidwa mu Meyi 2025 usanamvedwe n'komwe.

Chimene timaiwala kawirikawiri n'chakuti panganoli lili ndi miyendo iwiri, kulanga ndi kuletsa, ndipo mwendo woletsawu ndi umene uli wolumala kwambiri. Mu Januwale 1994, miyezi itatu kuphana kusanayambe, mkulu wa asilikali a UN ku Rwanda, Roméo Dallaire wa ku Canada, anatumiza uthenga ku New York kuti pali zida zobisidwa ndipo Atutsi akulembedwa maina, anapempha chilolezo chokalanda zidazo, anamukaniza. Kuphana kutayamba, Security Council m'malo mowonjezera asilikali inawachepetsa kufika pa 270. Mu 2005 atsogoleri a dziko lonse anagwirizana kuti boma likalephera kuteteza anthu ake mayiko ena ali ndi udindo wolowererapo, koma zitachitika za ku Libya mu 2011, pamene chilolezo choteteza anthu wamba chinathera pa kugwetsa Gaddafi, Russia ndi China sizifunanso kumva za mfundoyi. UN ili ndi mlangizi wapadera woona zoletsa genocide, ndipo mu 2025 udindowu unapatsidwa kwa Mzambia mnzathu, Pulofesa Chaloka Beyani. Ntchito yake ndi kuchenjeza ndi kulemba malipoti, asilikali alibe.

Ku Darfur komwe kuja, pa 6 Okutobala 2025 ICC inapeza Ali Kushayb, mmodzi wa akuluakulu a Janjaweed, gulu la zida limene linkamenyera boma la al-Bashir, wolakwa pa milandu ya pankhondo ndi yolakwira umunthu ya mu 2003 ndi 2004, chigamulo choyamba cha Darfur patatha zaka 20 nkhaniyo itatumizidwa ku khoti, ndipo iyeyu palibe wapolisi amene anamugwira, anadzipereka yekha ku Central African Republic mu 2020. Mwezi womwewo usanathe, gulu la RSF limene linaphuka kuchokera mu Janjaweed momwemo, limenenso America inanena mu Januwale 2025 kuti lachita genocide, linalanda mzinda wa El Fasher ku Darfur komweko pambuyo pouzinga kwa chaka ndi theka, ndipo malipoti a kuphedwa kwa anthu wamba anayamba kutuluka masiku omwewo. Al-Bashir anagwetsedwa ndi asilikali ake mu Epulo 2019, akuluakulu a Sudan analonjeza kangapo kuti amupereka ku Hague, mpaka pano sanamupereke.